Chaka Chimene Nyanja Yakutali Inatentha

Masiku ano wailesi ikanena kuti nyanja ija yayambanso kutentha, anthu amangopitiriza kutsuka mbale zawo. Ana asukulu amaidziwa nkhaniyi ndi dzina lomwe, mpaka kujambula m'makope. Ine ndimadzuka n'kukatseka wailesiyo. Sindikwiya, sindilira, ndimangotseka basi.

Za nyanja imeneyi ndinazimva koyamba ku Karonga, m'zaka zakumapeto za chipani chimodzi, nthawi imene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Bambo a kunyumba kwanga ankagwira ntchito yoyeza nyengo pabwalo la ndege. Tonse awiri kwathu ndi kumwera, ine kumbali ya Balaka, ndipo ku Karonga linatiponyako ndi boma. M'mawa uliwonse iwo ankatsanula madzi a mvula kuchokera m'chitini chachitsulo n'kuwayeza m'kabotolo ka mizeremizere. Kenaka ankatsegula kabokosi koyera ka matabwa, koimikidwa pamiyendo pakati pa kapinga, n'kuwerenga timagalasi toyezera kutentha timene tinkakhala m'menemo. Akatero ankalowa mu ofesi n'kunena manambalawo pa wailesi yolankhulirana ndi kulikulu. Amayi apamsika ankawatcha bambo a mvula. Kukachita ng'amba ankandifunsa ine kuti amuna anu aibisa kuti, ndipo ine ndi pakamwa pangapa ndinkawayankha kuti ili kunsi kwa bedi, bwerani ndi ndowa zanu.

Tinali ndi mwana mmodzi, wamkazi, chisamba chathu. Anali akuyandikira zaka ziwiri ndipo anali akuyamwabe. Nyumba yathu inali kufupi ndi bwalo, choncho m'mawa ndinkamubereka n'kupita kukawapatsa bambo ake tiyi. Kumeneko ndi kumene anaonera ntchito ija. Anali ndi kakapu kofiira ka pulasitiki, kothyoka chogwirira, ndipo anayamba kukaika pakhomo tsiku ndi tsiku, n'kumakasuzumira ngati bambo ake. Akapeza muli gwa, ankatambasula timanja n'kunena kuti, "Paibe." Kakapu kameneko ankadya nako, kusamba nako, kugona nako. Ukakabisa kuti ukatsuke, mzere wonse wa nyumba za boma unkadziwa.

Chaka chimenecho, kutentha kwa Okutobala kutagwira, bambo anaitanidwa ku Blantyre kukaphunzira. Anabwerako ali phee. Tsiku lina masana, ndikusenda chinangwa, anatola bango pansi pa mtengo wa mango n'kukhala pambali panga.

"Amake mwana, taonani. Bangoli likhale dziko lonse. Ife tili apa. Kuseri uku kuli nyanja yaikulu kuposa zonse, yoti yathuyi ndi chithaphwi."

"Ndiye?"

"Madzi ake atentha."

"Ha! Kodi ndi tiyi?"

Sanaseke. Anandifotokozera kuti m'mwamba, kupitirira kumene ndege zimafika, muli makina otchedwa masetilaiti, amene amazungulira dziko osaima, ndipo ena mwa iwo amayeza kutentha kwa madzi apamwamba panyanja. Anati nyanja imeneyo imatentha chonchi pakapita zaka zingapo, kenaka n'kuzizira, kenaka n'kutenthanso, ndipo ikatentha mphepo zimasintha njira. Kumwera kwathu mvula imadula. Kumpoto kuno, anati aphunzitsi awo, zikhoza kusiyana, mvula ikhoza kuchita kunyanya.

"Nyanja imodzi yomweyo, kuumitsa uku, kunyowetsa uku? Ndiye ndi mfititu imeneyo," ndinatero. Ndinawalanda bango lija n'kumupatsa mwana, ndipo analidya.

M'mwezi wotsatira ndinazindikira kuti ndaima. Kwathu zimenezi timati kutumbiza, kutenga pakati wina akadali kubere, ndipo ndi nkhani yochititsa manyazi. Uthenga utafika kumudzi, amayi anga sanachedwe. Anakwera basi masiku awiri, n'kutsika pa boma atatupa mapazi, akutukwana kutentha kwa Karonga. Chimene anabwerera ndinkachidziwa. Mwana wotumbizidwa amachotsedwa kubere n'kukakhala ndi agogo ake mpaka mayi atachira. Ine ndemwe ndinakulira kwa agogo mwa njira yomweyo.

Apa ndifotokoze za mwambo wina, poti nkhani yonse inadutsira pamenepo. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana. Sadyera pamodzi, sakhala pamphasa imodzi, akakumana panjira wina amapatuka. Akafuna kulankhulana nkhani yaikulu, mawu amadzera mwa munthu wina. Chotero tsiku limene bambo anafuna kukana kuti mwana asapite, amayi anakhala pamphasa kuseri kwa khitchini, atatembenukira kumpanda. Bambo ananjuta pangodya ya nyumba. Wonyamula mawu ndinali ine.

Kuwonjezera apo, bambo ankalankhula monong'ona. Khoma lathu linali limodzi ndi la kalaliki wina wa pa boma amene analinso mlembi wa chipani m'dera lathu. Mkazi wake, mayi wa Chinkhonde wonenepa bwino, anali mnzanga wapamtima, koma mwamunayo makutu ake ankagwira ntchito kuposa manja. Masiku amenewo dziko lathu linali la mwanaalirenji, wailesi inkatero m'mawa ndi madzulo. Wantchito wa boma kunena kuti kukubwera njala kunali kudziitanira galimoto pakhomo.

"Auzeni amayi," anatero bambo, "kuti kumudzi chaka chino mvula ikhoza kudula. Mwana akhale konkuno. Ndipeza munthu womulera, inu mungomusiyitsa bere."

Ndinayenda kupita pamphasa. Ndikukumbukira kuti ndinali ndikumwetulira, chifukwa mawuwo m'kamwa mwanga ankamveka ngati nthabwala.

"Akuti mvula idula kwathu, poti nyanja ina yake kuseri kwa dziko yatentha."

"Yatentha?" anatero amayi, osatembenuka. "Wasonkhezera ndani?"

Ndinaphulika kuseka.

"Kawafunse bambowo ngati anapisamo chala."

Ndinapita, ndinabwera. "Akuti anayeza ndi makina a m'mwamba."

"Makinawo akudziwanso kuti mwatumbiza? Mwana wopikisana ndi mimba amatupa, tsitsi limathothoka, ndawaona ndi maso angawa. Nyanja yawoyo sindinaione. Kawauze kuti ndawalemekeza, koma mwana ndi wa kwathu. Iwo ayeze mvula, ife tilere ana."

Mawu amenewa ndinawafewetsa pang'ono panjira, koma bambo anali atamva kale. Anakhala akulembalemba pansi ndi kamtengo. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mkamwini akakanidwa kamodzi sabwereza. Anangoti, "Ndamva." Madzulo a tsiku lomwelo kunagwa chimvula cha mabingu, ndipo amayi, ali pakhonde, anandikodola n'kuloza kumwamba ndi mlomo.

Amayi ndi mwana anapita m'mawa wa Lachisanu. Mwana sanalire, ankakonda basi. Anakhala pamiyendo ya agogo ake pawindo, akumenya galasi ndi kakapu kake. Ine mabere anandipweteka sabata yonse, ndinkachita kuwamanga ndi chitenje.

Kalata yoyamba, yolemba mlongo wanga, inabwera cha pa Khirisimasi. Inati mvula yayamba bwino, chimanga chafika m'mawondo, mwana wazolowera ndipo akuthamangitsa nkhuku. Ndinapita nayo kwa bambo ku ofesi, n'kuwakupiza nayo kumaso.

"Nyanja yanu ija bwanji, bambo a mvula? Yazima?"

"Mulungu achite kuti ndikhale wabodza," anatero.

Chaka chatsopano chitalowa, mvula ya ku Karonga inachita ngati yalumbira. Minda ya mpunga inadzaza mpaka malire osaoneka, ng'ombe zinkayenda m'madzi a m'mimba, achule ankalowa m'nyumba ngati kwawo. Machesi anakana kuyaka, nsapato za kutchalitchi zinamera nkhungu. Mnzanga wa khoma limodzi uja ndikamadandaula ankandiseka ndi Chichewa chake chokoka, amvekere, "Mama, walira mvula walira matope." Ndipo ine, poona madzi onsewo, mtima unali m'malo. Munthu ukamanyowa sungaganize kuti kwina kukupsa. Ndinkamuona mwana wanga m'maganizo akuthamanga ndi kakapu kodzaza.

Tsiku lina m'mwezi wa Febuluwale ndinapititsa tiyi, ndipo mvula inanditsekereza mu ofesi. Nthawi zonse ndinkangosiya tiyi n'kubwerera, koma tsikulo ndinakhala pabenchi. Wailesi inkakhosomola, ndipo masiteshoni a nyengo a m'dziko lonse ankayankha mmodzimmodzi, aliyense kunena mvula yake. Bambo ananena yawo, nambala yaikulu. Kenaka anayamba a kumwera. Ndinamva dzina la siteshoni ya kufupi ndi kwathu, ndipo ndinatchera khutu ngati ndamva mawu a mbale wanga. Munthu wa kumeneko anati, "Ziro." Wotsatira wake anati ziro. Winanso ziro.

"Kuyambira liti?" ndinafunsa.

Bambo anapachika cholankhulira chija pang'onopang'ono. "Kuyambira chaka chitangoyamba."

"Inu mumamva zimenezi m'mawa uliwonse, n'kubwera kunyumba kudzadya, osandiuza?"

"Muli ndi pakati, amake mwana."

Abale, ndinawalalatira munthu uja mpaka mlonda anasuzumira pawindo. Ndinawatcha mayina amene sindingalembe pano. Iwo ankangoyang'ana kuchitseko, kuopa kuti mawu aja a njala angatuluke m'kamwa mwanga anthu akumva. Ndinkadziwa tanthauzo la ziro m'mwezi umenewo. Chimanga chimakhala chikumasula ngayaye, ndipo chikasowa madzi pamenepo palibenso chako.

Ndinafuna kunyamuka mawa lake. Anamwino atandiona miyendo mmene inatupira anakanitsitsa, anati basi ya masiku awiri indipha ine kapena mwana wa m'mimbayo. Sabata yomweyo mlatho wina pamsewu wa kumwera unakokoloka, magalimoto n'kuima tsidya ili ndi tsidya ilo. Bambo anapempha tchuthi, anawayankha kuti nthawi ya mvula woyeza mvula sachoka, komanso mnzawo wapantchito anali atasamutsidwa. Ndipo chifukwa chenicheni akanachilemba bwanji? Msewu utatseguka tinatumiza mpunga ndi usipa kudzera mwa dalaivala wina wa lole. Yankho linabwera patapita nthawi: mpunga talandira, tonse tili bwino. Masiku amenewo kalata iliyonse inkatero, poti sunkadziwa kuti ifika yotsegula kapena ayi.

Kuyambira pamenepo ndinkapita ku ofesi m'mawa uliwonse kukamvera. Nthawi zina kwathu kunkagwa kamvula kongothirira fumbi. Nthawi zambiri ziro. Panja pathu mvula ili pwatapwata.

Tchuthi anawapatsa mvula itatha, anthu akumweta mpunga. Ndinawamangira thumba lina, ndi kadiresi ka maluwa achikasu kamene ndinasoka pamakina a mnzanga uja. Ndinati, "Mukabwere naye. Amayi akakana, mukawauze kuti ndatero ndine." Anapita. Anabwera okha.

"Ali bwino," anatero, akumasula zingwe za nsapato. "Amayi akuti abwera naye okha mukachira."

"Diresi lamukwana?"

"Lamukwana."

Anali ataonda, koma ndinati ndi ulendo. Kuyambira sabata imeneyo mnzanga uja anayamba kundibweretsera mbalagha, nthochi zophika ndi nyama ya ng'ombe, pafupifupi tsiku lililonse. Madzi ankanditungira ndi iye. Amayi a kutchalitchi anabwera kawiri kudzaimba popanda chifukwa. Ngakhale kalaliki uja anayamba kundivulira chipewa. Ine ndinkati ndi mimbayi, poti inali itakula zedi.

M'mawa wina wa mphepo ya mwera ndinapititsa tiyi monga mwa masiku onse. Bambo anali m'kati pa wailesi. Ndikudutsa pakapinga, ndinamva kachitseko ka bokosi loyera lija kakumenyamenya, anali ataiwala kukowetsa. Ndinapatuka kuti ndikatseke. M'katimo, kuseri kwa timagalasi tija, munali kakapu kofiira kothyoka chogwirira.

Ndinaimirira pamenepo. Sindinakakhudze. Mwana uja wamoyo sakanalola kuti kakapu kameneko kakwere basi iye n'kutsala, ngakhale mutamupatsa shuga wa m'sitolo yonse. Palibe china chimene ndinafunika kuuzidwa.

Ndinatseka kachitseko n'kukowetsa bwinobwino. Ndinalowa mu ofesi, ndinathira tiyi.

"Shuga wakwana?" ndinafunsa.

"Wakwana."

Anthu ndikawauza pamenepa amafuna kumva kuti ndinagwa pansi kapena ndinang'amba zovala. Ayi. Mtima unachita dzanzi, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali, ukuuona kuti ndi wako koma ukautsina sukumva. Mwambo ndinkaudziwa. Wapakati sauzidwa maliro a pafupi, kuopa kuti mimba ingachoke, amadikira achire. Ine ndemwe ndinamubisirapo msuweni wanga imfa ya bambo ake, tikumuseketsa ndi kumupatsa zakudya. Tsopano inali nthawi yanga. Ndinaona kuti anthu onsewa akuvutika kundisunga, ndiye ndinawasiya andisunge. Iwo ankandibisira, ine ndinkawabisira kuti ndikudziwa. Mbalagha ndinkadya yonse, mpaka kunyambita mbale, osamva kukoma. Amayi a kutchalitchi akabwera ndinkaimba nawo. Bambo akatuluka kupita kuseri kwa nyumba n'kukhalitsako, ndinkadziwa chimene akukachita, ndipo akabwera maso ali psu ndinkawauza kuti fumbi la mwera lawonjeza chaka chino. Pakamwa panga paja panangouma. Amayi apamsika ankandiputa dala kuti ndiwayankhe, ine n'kungolipira tomato n'kumapita.

Ndinachira pachipatala cha pa boma, mwana wamwamuna. Anandipatsa, ndinamuyang'ana, ndinaona kuti ali ndi zala zonse. Anamwino anati, "Mayi, simusekerera?" Ndinasekerera kuti asiye kundifunsa.

Amayi anafika mwana atagwa mchombo. Anatsika basi okha, ndipo poyamba sindinawazindikire, chitenje chinkawazungulira kawiri. Titafika kunyumba anakhala pamphasa pamalo paja kuseri kwa khitchini. Mnzanga uja anabwera n'kundilanda khanda m'manja mwakachetechete. Bambo ananjuta pangodya pawo paja. Amayi anamasula duku. Mutu unali wometa, tsitsi litangoyamba kuphuka.

"Mwananga, ulimbe mtima," anayamba.

"Ndikudziwa, amayi. Ndinaona kapu."

Bambo anatulutsa mawu amene sindinawamvepo kwa munthu wamwamuna. Mnzanga uja anayamba kulira m'Chinkhonde, akugwedeza khanda. Ine ndinangokhala, manja pamiyendo.

Amayi anafotokoza okha, osafunsidwa. Chimanga chinauma chili chiimire, choyera ngati pepala. Zitsime zinaphwa, madzi ankachita kufukula mumchenga wa mumtsinje, ofiira, omwe mbuzi zinkamwanso. Mpunga tinatumiza uja unafika, koma pakhomo panali ana a mlongo wanga, ana a mng'ono wanga, ndi ena obwera kudzakhala pakhonde nthawi ya chakudya. Mwana wathu anayamba kutsegula m'mimba. Thupi linali litachepa kale, silinalimbe. Bambo ake anafika anthu atamuika dzana lake. Kadiresi kachikasu kaja anakasiya pamanda.

"Sanavute," anatero amayi. "M'mawa uliwonse ankatenga kakapu kake n'kukaika pamtondo. Akapita kukasuzumira ankabwera kwa ine, amvekere, agogo, paibe. Mpaka pamene analephera kuyenda, ankandituma ine kuti ndikaone."

Onse ankadikira kuti ndilire. Ndinayesa, Mulungu ndi mboni. Mwana uja ndinkamukonda kuposa munthu wina aliyense amene ndinamudziwapo, koma tsiku limenelo m'kati mwanga munalibe kanthu. Ndinkangoyang'ana nyerere zikukoka njere ya mpunga m'mphepete mwa mphasa. Sindinakwiyire amayi, sindinakwiyire bambo. Aliyense anachita chimene anaphunzitsidwa, ndi ine ndemwe.

Kenaka amayi anachita chinthu chimene sanachitepo chikwatiwire ine. Anadzikoka pamphasa, n'kutembenuka thupi lonse, n'kuyang'ana mkamwini wawo kumaso. Sanadzere mwa ine.

"Bambo, nyanja ija yazizira?"

Bambo anayang'ana pansi. "Akuti yayamba kuzizira, amayi."

"Ndiye yapita?"

"Imabweranso."

Amayi anayang'ana khanda lija m'manja mwa mnzanga, nthawi yaitali, koma sanatambasule manja kuti alilandire.

"Ameneyu musadzandipatse," anatero. "Ngakhale nditabwera ndi mwambo wanji, ngakhale nditalira, musadzandipatse."

Khanda linadzuka n'kuyamba kulira. Mnzanga anandibwezera, ndipo ndinaliyamwitsa.